Tsiku Limene Tinawamba Sineya ya a Zebron

Anthu a ku Chongwe ankawadziwa a Zebron Njobvu ngati okonza njinga basi. Ankakhala pansi pa mtengo kuseri kwa msika, pafupi ndi pamene maminibasi a ku Lusaka amaitanira anthu, miyendo atatambasula, gudumu lili pamaondo. Ine ndine Lister, mng'ono wake wa malemu Rosaria, amene anali mkazi wawo. Ndiye anali alamu anga, ndipo ndinali ndi ufulu wowanyoza mmene ndafunira. Ndinawanyozadi zaka makumi awiri ndi mphambu, makamaka pa nkhani ya ng'oma zawo.

Anabadwira ku Katete, n'kubwera ku Lusaka ndevu zisanamere. Ntchito yawo yoyamba inali yotsuka matambula pa bala ina ku Matero. Pabalapo pankaimba bandi, ndipo woimba ng'oma wake ankaledzera msanga kuposa makasitomala. Loweruka lina masana munthuyo anagona pampando nyimbo ili pakati. A Zebron anapukuta manja, n'kumukankhira pambali, n'kutola timitengo. Kumatambula sanabwererenso.

Ng'oma zawozawo anazipeza mu 1972 kwa mwenye wina wa sitolo, atapereka njinga ndi wailesi. Zinali zinayi: yaikulu yoimba ndi phazi, ziwiri zapakati, ndi ina yaing'ono yaphwatalala yokhala ndi timawaya kunsi, imene ankaitchula kuti sineya. Imeneyo ndiye imalira kuti tsa, ndipo ndi imene ovina amaitsatira. Panalinso mbale ziwiri zamkuwa zoimika pa tizitsulo. Kunja ng'omazo zinali zabuluu, zonyezimira ngati mamba a nsomba.

Zinapangidwa ku Japan, ndipo zinali zotchipa, za anthu ongoyamba kumene. Dzina lenileni zinalibe. Alamu ankati kumeneko ankangopanga ng'oma zofanana, kenaka sitolo iliyonse yoitanitsa n'kumatapo kadzina kake. Kadzina ka pa zawo kanagwa ali pa ulendo wa ku Kafue, ndipo sanavutike kukafunafuna. Thabwa lake linali lopyapyala, lopepuka, moti yaikulu ija ine ndinkainyamula ndi dzanja limodzi. Zitsulo zake ndiye musanene: miyendo inkaterereka, zomangira zinkathyoka, mpaka theka la zitsulozo anazisintha ndi za njinga. Ukonzi wa njinga anauphunzirira pomwepo.

Koma kulira kwake. Ine ndinawamva ku Matero mu 1974, nditazemba kunyumba ndi akulu anga Rosaria. Anyamata a mabandi ena, a ng'oma zodula za ku Ulaya, ankawaseka pomanga, n'kusiya kuseka akayamba kuimba. Ng'omazo sizinkasokosa. Zinkalira pansi, monona, moti unkayamba kuzimva m'mimba usanazimve m'khutu. Alamu ankati ndi thabwa lopyapyala lija, kuti limanjenjemera lonse pamodzi ndi chikopa. Kaya n'zoona kaya ayi, ine ndikudziwa kuti tsiku limenelo ndinathyola chidendene cha nsapato yobwereka. Rosaria sanavine. Anangoima n'kumayang'ana woimba ng'omayo, ndipo chaka chotsatira anali mkazi wake.

Zinthu zinasintha mwana wawo Juliet atabadwa mu 1976. Mabala anayamba kukonda disko, chifukwa kaseti sadya ndipo saledzera. Bandi inabalalika. Rosaria nayenso anali atalowa kwambiri za tchalitchi, ndipo atasamukira kuno ku Chongwe mu 1979 anaika lamulo: ng'oma za m'bala siziimbidwa pakhomo pamene pakukulira mwana wake. Alamu sanatsutse. Anali munthu wosakonda mkangano, zimene ine zinkandinyansa. Anazikulunga m'masaka n'kuzikweza kudenga.

Kamodzi pachaka, tikakolola, Rosaria ankapita ndi mwana ku msonkhano wa amayi ku Bundabunda. Pamenepo alamu ankazitsitsa, kuzipukuta, kuthira mafuta m'zitsulo, n'kuimba chitseko atatseka. Pofika tsiku lobwerera eni nyumba, masaka anali atabwerera kudenga. Zikopa za ng'oma zimenezi n'zapulasitiki, ndipo chimodzichimodzi zinatha. Zina zinang'ambika akadali ku Lusaka, china makoswe anachiboola. Zaka zimenezo ngakhale sopo tinkachita kufolera, ndiye chikopa cha ng'oma ukanachigula kuti? Anakunga zitatu zija ndi zikopa za mbuzi. Zinkalira bwino ndithu, kungoti kukazizira zinkalefuka, zinkafuna kuziwamba pamoto ngati ng'oma za kumudzi. Sineya yokha ndi imene inatsala ndi pulasitiki yake, yokhuthala pamwamba, yopyapyala kunsi. Ankaisamala kuposa mano awo, ndipo mano awo ankaonetsa kuti n'zoona.

Rosaria anatisiya mu 1993. Chaka chotsatira kunabwera mkulu wina wa ku Lusaka wovala tayi, amene ankafunira zida bandi ya tchalitchi chawo chatsopano. Winawake anamuuza za alamu. Anazungulira ng'omazo kawiri, akuwerama, kufunafuna dzina.

"Izi ni matoyi, mudala," anatero. "Zilibe na dzina. Ningakupaseni ya nkhuku zitatu, chifukwa cha zinsimbi." Ankanena zitsulo zija.

"Dzina sililila, bambo," anayankha alamu, n'kuyamba kubwezera ng'oma m'masaka.

Ine ndinapsa mtima. Denga likudontha, munthu akusunga zinthu zimene saimba n'komwe. Ndinawauza kuti akanalandira nkhukuzo, mwina zikanaikira mazira. Anangoseka. Panthawiyo sindinadziwe chimene ankasungira.

Ndinachidziwa mu 1996. Juliet anapeza mwamuna, Teddy, dalaivala wa ku Kitwe koma kwawo ku Nkomeshya, kwa Asoli. Ukwati unaikidwa mu Julaye, ndipo popeza mayi wake kunalibe, zonse zinagwera ine. Tsiku lina ndikuwerenga mbale zobwereka, alamu anabwera n'kuima pakhomo ngati munthu wodzapempha mchere.

"Mlamu, nifuna kuimba pa ukwati wa mwana wanga."

"Kuimba chani?"

"Ng'oma."

"Mwapenga? Tate wa mkwatibwi amavala jekete, amankhala pa tebulo. Mufuna asebele akatiseke Nkomeshya yonse?"

"Nyimbo imodzi chabe," anatero. "Juliet ayenda ku Kitwe. Zaka twente, sananimvepo olo kamodzi. Adziwa kuti tate wake ni wa mapampu na masipoko. Nifuna animve asanayende."

Zinali zoona. Ngakhale Rosaria atamwalira, alamu anapitiriza kusunga lamulo lake, kuimba mwana akachoka. Juliet ankadziwa kuti kudenga kuli masaka, basi.

Mwiniwake Juliet sanakondwe nazo. "Batate, ba Teddy babweletsa disko. Musatichititse manyazi," anatero, maso ali pansi. Sindimuimba mlandu. Iye ankaona mdala wa maovolosi amafuta akugogoda zitini pamaso pa apongozi ake. Amene anathandiza ndi Teddy, mnyamata wa mtima wabwino. Anati atate aimbe nyimbo yolowera muholo, disko itenge zotsala. Juliet anavomera mokhala ngati akumeza kwinini.

Alamu analembera kalata a Ezron, mnzawo wakale woimba gitala, amene ankakhala ku Kanyama. Anabwera ndi gitala m'thumba la ufa ndi kabokosi kokuzira mawu. Anayeserera milungu iwiri. Juliet sanamve kanthu, chifukwa nthawi imeneyo anali kwa ine, m'manja mwa alangizi, akumuphunzitsa za banja.

Tsiku la ukwati kunacha ndi mphepo ija ya Julaye yolowa m'mafupa. Madyerero anali muholo ya pasukulu. Alamu anafika m'mawa, n'kumanga ng'oma zawo pakona, n'kuziyesa ndi chala. Za mbuzi zija zinali zitalefuka, zikungoti bwa bwa. Anayenera kuthamangira kutchalitchi, ndipo ine ndinatsala kuyang'anira zophika, chifukwa amayi a paukwati ukawasiya okha nkhuku zimamera mapiko zili zokazinga kale.

"Mlamu," anandiitana, akuvala jekete, "tikankhala pafupi kubwela, muuze munthu aziwambe ng'oma."

Anawonjezapo mawu ena. Ndikudziwa kuti anawonjezapo, chifukwa ndinaona pakamwa pakuyenda. Koma ine ndinali nditatembenukira mayi wina amene ankathira mchere mumpunga kachiwiri. Ndinangoti, "Namva, namva, yendani," ndipo anapita.

Cha m'ma 12 koloko kunafika a Abson, amalume ake a Teddy, amene anabweretsa mbuzi pangolo. Anali munthu wamkulu thupi, waulemu, ndiponso katswiri wa ng'oma kwawoko. Mwambo uliwonse ku Nkomeshya ankaitana iwo. Ndinati Mulungu wandithandiza, nayu munthu wodziwa. Ndinawapempha, ndipo anasangalala kuti a kuchikazi awadalira. Anasonkha kamoto kaudzu kuseri kwa holo, n'kuyamba kutulutsa ng'oma imodziimodzi.

Ndinaima pang'ono kuonerera, ndipo ntchito ankaidziwa. Ankaipendeketsa ng'oma chapatali ndi lawi, kuizunguza, kusisita chikopa ndi chikhato, kugogoda ndi chala, khutu atatchera. Umamva mawu akukwera pang'onopang'ono mpaka afike. Atatha zitatu, anabwera atanyamula sineya.

"Asebele, na iyi? Chikumba chake ni chachilendo."

Anafunsa. Ndikufuna zimenezi zimveke bwino, munthuyo anafunsa.

"Zonse, asebele," ndinatero ine Lister, wodziwa zonse. "Ni cha ku Japan icho. Nanga zinzake zilile, yeve ankhale wozizila?"

Ndinabwerera kumapoto. Sipanapite mphindi ziwiri, ndinamva fungo ngati la ndowa yapulasitiki imene yatsamira mbaula. Nditathamangira kuseri, ndinapeza a Abson ataima, ng'oma ili m'manja, akuiyang'ana ngati mwana amene wawafera pamsana. Chikopa chapamwamba chinali chitakwinyika, pakati pataboka dzenje loti nkhonya n'kulowa. Mawu aja amene sindinawamve m'mawa ndinawadziwa tsopano popanda wondiuza.

Alamu anafika patsogolo pa gulu, pa njinga, kuti akonzeke. A Abson anavula chipewa n'kugwada, munthu wamkulu ngati ameneyo, pafumbi. Alamu anatenga sineya, n'kupisa chala padzenjepo. Asebele suwakalipira, makamaka pa tsiku limene ukuwapatsa mwana wako. Chimene unganene tsikulo, mwana ndiye amakachilipira kumene akupita.

"Nyamukani, asebele, palibe kanthu," anatero. Analowa muholo, n'kugogoda zitatu zija. "Izi mwawamba bwino. Sizinalilepo so."

"Alamu, nine," ndinatero. "Anafunsa. Nine ninakamba kuti zonse."

Ndinkafuna anditukwane. Akananditukwana ndikanabweza, ndipo ndikanapepukidwa. Anangoti, "Chakudza sichiimba ng'oma, mlamu. Kaoneni mpunga."

Sindinapite kumpunga. A Ezron anati aimbe ndi zotsalazo, anthu sazindikira. Alamu anapukusa mutu. Anati anthu sangazindikire, koma chimene mwana adzamve sichidzakhala chimene iwo ankaimba. Kenaka anatembenuza sineya chadodolido, timawaya tili pamwamba, n'kuikhazika pachitsulo chake.

"Zebron, icho chapansi ni pepala," anatero a Ezron. "Sichizafika na pakati pa nyimbo."

"Chizafika pamene chizafika."

Magalimoto anafika akuliza mahutala. Anthu anadzaza holo, ndipo ndinamva manong'onong'o pamene anaona tate wa mkwatibwi atavula jekete, atapinda malaya, atakhala kuseri kwa ng'oma zabuluu. A Ezron anayamba gitala, alamu analowa ndi phazi. Operekeza akwati anayamba kulowa awiriawiri ndi masitepe awo. Ndinaona kuti sineya sakuikhudza. Pamalo pake ankagogoda m'mphepete mwa chitsulo, kusunga chikopa. Ngakhale zinali choncho, amayi a ku Nkomeshya anasiya kunong'ona, mapewa anayamba kugwedezeka okha.

Kenaka Juliet anaonekera pakhomo, Teddy ali pambali pake. Alangizi anali atamuphunzitsa bwino: mkwatibwi sadzutsa mutu, saseka, salankhula, amayenda maso ali pa nsapato. Phazi lake litangoponda muholo, alamu anatsitsa kamtengo pa sineya.

Mumtima ine ndinabwerera ku Matero, ndi nsapato yobwereka ija. Mawu anali omwewo, tsa wouma pamwamba, zonona zija zikugudubuzika pansi pake. Manja awo, amene ndinazolowera kuwaona akulimbana ndi matcheni, ankayenda mopepuka ngati si a munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu. Nkhope inali ina, yosapepesa munthu. Mdala wina kumbuyo anaimirira ndi ndodo yake n'kuyamba kuvina. A Abson, amene anali atabisala pakhomo, analowa pakamwa pali yasa.

Juliet anayenda masitepe anayi kapena asanu. Kenaka anadzutsa mutu kufuna kuona amene akuimba, ngakhale ankadziwa. Atawaona anaima. Teddy anamukoka pang'ono, iye osasuntha. Anakweza nsalu yakumaso ndi dzanja lake, pamaso pa apongozi onse, n'kumayang'ana atate ake. Mayi Mirriam, mkulu wa alangizi, anayamba kusisima kuti, "Yang'ana pansi, iwe." Ndinawatsina pamkono mpaka anasiya. Sanandilankhule chaka chathunthu, ndipo sindinadandaule.

Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Mwina mphindi imodzi, mwina iwiri. Alamu anamuona kuti akuyang'ana, ndipo ndikuganiza kuti pamenepo anaiwala zoti aimbe mosamala. Anazunguza timitengo pa ng'oma zonse, n'kubwerera pa sineya ndi mphamvu, ndipo tinamva kuti pho. Kamtengo kanalowa mkati. Timawaya tinalendewera. A Ezron anapitiriza pang'ono yekha, kenaka naye anasiya.

Muholo munati zii. Ndipo mkwatibwi, amene saloledwa kulankhula, analankhula momveka.

"Pitilizani, batate."

"Yatha, mama," anatero alamu. "Yenda ukankhale."

Wa disko anaponya kaseti, anthu anaombera m'manja, ukwati unapitirira. Alamu anatsitsa manja a malaya, n'kuvala jekete, n'kukakhala pa tebulo pamalo pa tate. Anadya bwino. Ine chakudya chinandikanika. M'mawa mwake Juliet anakwera galimoto ya ku Kitwe.

Patapita mlungu a Abson anabwera wapansi kuchokera ku Nkomeshya ndi chikopa cha kamwana ka mbuzi, chopalidwa bwino mpaka kuonekera dzuwa. Alamu anathokoza kwambiri, anawaphikitsira tiyi, koma sanachikunge pa sineya. Anachipachika pakhoma. Za ine sanatchulepo kanthu ngakhale tsiku limodzi, ndipo kunyoza kwanga kunatha mphamvu. Ndinkayesa, koma sizinkakoma.

Mu Okutobala ndinalandira kalata ya Juliet. Ankafunsa kukula kwa sineya, koma ndisawauze atate ake. Ine za mainchesi sindidziwa. Ndinadikira alamu apite kumsika, ndinayeza sineyayo ndi ulusi woluka kuchokera mbali ina kufika ina, n'kuudula, n'kuuika mu envulopu. Akuti Juliet anayenda nawo ulusiwo m'masitolo a ku Kitwe ndi ku Ndola, anthu akumuseka, mpaka anapeza.

Phukusi linafika Khirisimasi ili pafupi, ndi dalaivala mnzake wa Teddy. Munali zikopa ziwiri, chokhuthala ndi chopyapyala, zoyera mbee, ndi kakalata. Juliet analemba kuti ali ndi pakati, ulendo wa Khirisimasi adokotala amuletsa, koma pa Pasaka abwera kudzamva nyimbo ija mpaka kumapeto.

Alamu anawerenga kawiri. Anasamba m'manja ndi sopo, chinthu chimene sankachitira ngakhale chakudya, n'kukhala pakhonde. Anamanga zikopazo mmene ankamangira masipoko, kuno pang'ono, kutsidya pang'ono, kuzungulira, akugogoda ndi chikhadabo m'mphepete kuti amve ngati mbali zonse zafanana. Zinawatengera masana onse. Atamaliza ndinawapatsira timitengo.

"Imbani timveko, alamu."

"Mwine wake akabwela," anatero, n'kuikulunga m'chitenje cha Rosaria.

Ndinawauza kuti ndi zopusa, kuti chikopa sichitha ndi kumenya kamodzi. Tsiku lililonse ndikadutsa ndinkawauza. Sanasinthe.

Anadwala mu Febuluwale, mvula ili pakati. Anayamba ndi mutu Lachiwiri ali pantchito, tinawatengera kuchipatala Lachinayi, Loweruka m'mawa anapita. Pasaka inali itatsala milungu isanu.

Juliet anabwera pamaliro, mimba ili patsogolo. Titaika, anthu atayamba kubalalika, anandikokera kuchipinda n'kupempha kuti ndimuonetse sineya. Ndinamasula chitenje. Anaitengera pawindo, n'kumaipendeketsa uku ndi uku, kufunafuna pamene kamtengo kanagunda. Panalibe ngakhale kachipsera.

"Amai ang'ono, sanaimbepo?"

"Anali kulindila iwe."

Anakhala pabedi, ng'oma ili pamiyendo, manja onse awiri ali pachikopa. Kunja amayi ankandiitana kuti ndikaone za mbale zobweza. Ndinawasiya aitane.